Rauta Yosadziwa Mfumu

Ku Ufumu wa Tidikire munthu sangokhala pansi mwachisawawa. Kuli nduna yake yoona zimenezo.

Nduna ya Mipando anali a Lufeyo Chikhazika. Ntchito yawo inali kudziwa amene akhale kutsogolo, amene akhale kumbuyo ndi amene aimirire padzuwa. Udindowu anawasiyira ndi bambo awo, pamodzi ndi ndodo yolozera. Ankadziwa pamtima kuti Nduna ya Misewu imakhala pampando wa mikono iwiri, Nduna ya Madzi pa wa mkono umodzi, ndipo Nduna ya Maphunziro imabwera ndi njerwa yakeyake. Pamaliro, paukwati, ngakhale pamzere wa kuchimbudzi cha kunyumba yachifumu, a Chikhazika ankaima chapafupi kuonetsetsa kuti wamng'ono asapitirire wamkulu.

Anali munthu wokondwa mpaka tsiku limene kunabwera rauta.

Kanali kabokosi koyera, kukula ngati mbale ya ndiwo, ka nyanga ziwiri ndi timagetsi tobiriwira tophethiraphethira. Mfumu Ndilipano Yachitatu inakalandira ngati mphatso kuchokera kudziko loyandikana nalo, lomwe linkafuna mchenga wa mumtsinje wa Tidikire. Ng'oma zinalira. Amayi a kwaya anakathira ufa pamutu. Kenako mmisiri amene anabwera nako, dzina lake Dalikeni, anakapukuta n'kukaika pamwamba pa kabati m'bwalo la Mfumu.

"Kamagwira bwanji ntchito kameneka?" inafunsa Mfumu.

Dalikeni anagwada n'kuwomba m'manja. "Gogo Chalo, intaneti imabwera pa waya uyu n'kulowa m'kabokosimu. Ikalowa, kabokosika kamaimwaza mumpweya mbali zonse, ngati fungo la kanyenya. Imeneyo ndiye wayifayi. Foni ikamva fungolo imabwera n'kugogoda. Rauta imafunsa mawu achinsinsi, pasiwedi. Foni ikayankha bwino, rauta imaipatsa nambala yakeyake, tinene kuti mpando wake, kuti uthenga wa uyu usamapite kwa uyo."

A Chikhazika anali atayamba kusinza, koma mawu akuti mpando anawadzutsa.

"Mwati mpando, achimwene?"

"Eya, bwana."

"Ndiye amayamba ndani kukhala?"

"Amene wayamba kufika."

Nduna ya Madzi inatsokomola.

"Ngakhale akhale munthu wotani?" anafunsa a Chikhazika.

"Ngakhale mbuzi, bwana, bola ikhale ndi foni."

"Nanga mipandoyo ikatha?"

"Wochedwa amadikira panja."

Atatero Dalikeni anadya nkhomaliro, nakwera basi yamasana. Sanaonekenso.

Tsopano ku Tidikire kuli mwambo wina. Mawu aliwonse otuluka pakamwa pa Mfumu m'bwalo ndi lamulo, ndipo lamulo silikhala lamulo mpaka litalengezedwa pamsika. Pasiwedi anaisankha ndi Mfumu, m'bwalo, ndi pakamwa pake. Choncho a Kafuula, mlengezi wa ufumu, anatenga chimkuzamawu chawo n'kutuluka.

Msika wa Mawamawa uli kuseri kwa mpanda wa nyumba yachifumu. Ulibe denga. Chaka chilichonse Mfumu imabwera kudzaika mwala wa maziko a dengalo, ndipo miyalayo inachuluka moti amalonda amayalapo tomato.

"Mverani, mverani!" anakuwa a Kafuula. "Mfumu yaika mawu achinsinsi pa rauta yake! Mawuwo ndi akuti ndilipano, zilembo zazing'ono zokhazokha, osadumpha mpata! Aliyense wopezeka akuwadziwa aona zakuda!"

"Tabwerezani, a Kafuula," anatero bambo wina wogulitsa makala. "Kumadutsa njinga yamoto."

A Kafuula anabwereza. Inali ntchito yawo.

Anthu a pamsika amafika kukamacha. Mfumu imadzuka dzuwa lili paliwombo. Mawa lake itadzuka inatenga foni yake kuti ionere kanema wa zimene inalankhula dzulo, chifukwa polankhulapo sinkamvetsera. Pafoni panangobwera kachizindikiro kozungulirazungulira ngati galu wofuna pogona. Kuseri kwa mpanda kunkamveka nyimbo, mpira, ulaliki ndi kuseka. Mipando yonse ya rauta inali itatha.

Mfumu inaitanitsa nduna zonse.

"Ndani mwini dziko lino?"

"Ndinu, Gogo Chalo!"

"Nanga mpweya ngwa ndani?"

"Ngwanu, Gogo Chalo!"

"Ndiye bwanji ndikudikira panja m'nyumba mwanga momwe?"

Onse anayang'ana a Zingalume, Nduna ya Zamakono, munthu wa mafoni atatu ndi jekete yonyezimira. A Zingalume sanatekeseke.

"Gogo Chalo, ine ndaunika nkhaniyi mozama. Magetsi akuyaka, waya ali bwino, nyanga zonse zaima. Kumbali ya zamakono kulibe vuto. Mmisiri uja ananena poyera kuti iyi ndi nkhani ya mipando. Ndipo mipando ili ndi eni ake."

Mitu yonse inatembenukira kwa a Chikhazika.

"Chikhazika," inatero Mfumu, "pofika tsiku loika mwala wa maziko, kabokosika kakhale katadziwa kuti Mfumu ndani. Zikakanika, mulongedze. Mukakhala woimira boma ku Kuiwalika."

Ku Kuiwalika n'kutali, koma si mtundawo umene unaopsa a Chikhazika. Kumeneko kulibe mpando ngakhale umodzi. Anthu amakhala pansi mozungulira, ndipo amati ukawafunsa kuti wamkulu ndani amangoyang'anana. Nduna yomaliza imene inatumizidwa kumeneko inabwerako ikupatsa moni ana poyamba.

Anthu atabalalika, a Chikhazika anatsala okha ndi rauta. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Iwe," anatero, "kwanu kulibe akuluakulu?"

Rauta inaphethira.

"Ndikamalankhula usamanditsinzinire diso."

Inaphethiranso.

Nzeru yoyamba inali yosintha pasiwedi. Mfumu inasankha yaitali, ya maina ake onse aulemu: ndilipano mkango wa mawamawa njovu yosagwa mwini mchenga. A Chikhazika anachonderera kuti ino yokha isalengezedwe. Nduna ya Malamulo inaimirira ili thukuta kamukamu.

"Kodi mukufuna kunena kuti Mfumu yalankhula mawu wamba? Mawu oti n'kungothera m'chipinda ngati a munthu wogula sopo?"

A Chikhazika sankafuna kunena zimenezo. A Kafuula anatuluka ndi chimkuzamawu. Popeza mawuwo anali aatali, anatchula chilembo chimodzichimodzi, pang'onopang'ono, kuti anthu adziwe bwino chimene sakuyenera kudziwa.

"Mwachita bwino kusintha," anatero mayi wina wa zitumbuwa, akulemba pafoni. "Yakale ija inali yaifupi. Akuba akanatha kuilota."

Nzeru yachiwiri inali yophunzitsa rauta ulemu. A Chikhazika anaona kuti vuto lagona pa malo amene inakhala. Chinthu chokhala pamwamba pa kabati, kuposa mutu wa Mfumu, chingadziwe bwanji malo ake? Anaitsitsa. Anaigonetsa nyanga kuti ioneke ngati yagwada. Anaifunditsa chitenje cha nkhope ya Mfumu. Kuti isamamvenso phokoso la kumsika, anaitsekera m'bokosi lachitsulo losungiramo mendulo, n'kukankhira bokosilo kunsi kwa mpando wachifumu.

Kumsika nyimbo zinaduka. A Chikhazika anamwetulira koyamba sabata imeneyo. Anaima pafupi ndi Mfumu, manja kumbuyo, kudikira mawu oyamikira.

Mfumu inakweza foni m'mwamba. Inaitsitsa. Inaigwedeza ngati botolo la mankhwala.

"Chikhazika."

"Gogo Chalo."

"Dzana kagalu kaja kamazungulira. Lero kulibe n'komwe."

Fungo la wayifayi silibowola chitsulo, ngakhale wolifunayo atakhala pamwamba penipeni pa bokosi. Rauta inabwerera pakabati, nyanga zili njo. Kumsika kunamveka nthungululu.

Nzeru yachitatu inali lamulo loti pasapezeke munthu wolowa pa wayifayi Mfumu isanadzuke. Apolisi anamwazikana pamsika m'mamawa. Koma foni ikadziwa pasiwedi siiwala, ndipo sipempha chilolezo kwa mwini wake. Imalowa yokha ili m'thumba, mwini wake akusenza thumba la mbatata. Apolisi anagwira wamakala uja.

"Ine sindinalowe, bwana. Yalowa ndi foniyi."

"Ndiye timanga foniyo."

"Imangeni. Komatu yanunso ikulira m'thumbamo."

Inali ikuliradi. Apolisi onse anali atalowa kale asanafike n'komwe pamsika, pongodutsa m'mbali mwa mpanda. Pofufuza zinapezekanso kuti wailesi ya kanema ya m'nyumba yachifumu inkalowa Mfumu isanadzuke, chimodzimodzi makina osindikizira makalata a muofesi, omwe analibe inki chiwagulireni. Makinawo anawatsitsa udindo. Anapitirizabe kulowa.

Litatsala tsiku limodzi kuti mwala uikidwe, a Chikhazika anapita kumsika okha, opanda ndodo. Ankafuna usipa wouma wa kamba wa paulendo. Anamva kuti ku Kuiwalika ndiwo ndi mphepo.

Pangodya ya msika pankakhala a Nasibeko, mayi wachikulire wogulitsa usipa, yemwe anayamba malonda mwala woyamba wa maziko usanaikidwe. Pambali pa milu ya usipa panali foni yawo yakale ya mabatani, yomangidwa ndi mphira kuti batire isagwe. Pamsika ponse iwo okha ndiwo sankaweramira galasi la foni.

"Takulandirani, bwana a mipando," anatero a Nasibeko. "Lero mwabwera opanda ndodo? Tikhala bwanji pansi?"

"Ndipatseni usipa, mayi."

"Kapena mwabwera kudzatiuza za mawa? Tikudziwa kale. Tifike tambala asanalire, tikhale pamabenchi, dzuwa litiwambe ngati usipawu. Enawo azibwera mmodzimmodzi atadya kale. Mwini wakeyo afike mithunzi itatalika."

"Ndi mwambo, mayi," anatero a Chikhazika motopa. "Pamsonkhano wamng'ono ndiye amayamba kukhala. Kenako nduna zazing'ono. Kenako zazikulu. Mfumu singafike pabwalo lopanda anthu. Wamkulu amalowa pomali..."

Anaima pomwepo, kukamwa kuli yasa.

"Mwatsamwa?" anafunsa a Nasibeko. "Simunadyetu kanthu."

A Chikhazika anatembenuka n'kuyamba kuthamanga. Anthu a ku Mawamawa anali asanaonepo nduna ikuthamanga, ndiye ena anathamanga nawo poganiza kuti kwinakwake kukugawidwa feteleza.

Tsiku la mwala linafika. Anthu anapsa ndi dzuwa monga mwa nthawi zonse. Mfumu inafika, inaika mwala, inalonjeza denga la malata onyezimira lomwe mbalame zidzachita kuvala magalasi podutsa. Anthu anawomba m'manja, wamakala uja n'kuyamba kale kuyeza mwala watsopanowo ndi maso kuti aone ngati pangakwane thumba. Kenako Mfumu inatembenuka.

"Chikhazika. Mwalongedza?"

A Chikhazika anagwada, anawomba m'manja, n'kuimirira ndi ndodo yawo.

"Gogo Chalo, ndisanapite ndifunse. Lero pabwalo pano anayamba kufika ndani?"

"Anthu wamba."

"Kenako?"

"Nduna."

"Nanga womaliza?"

"Ine. Ndingayambe kufika ine? Ndidzadikire ndani?"

"Ndi zimenezo, mwini dziko! Ife tonse tinalakwitsa, ine ndemwe woyamba. Tinkati kabokosika n'kamwano. Ayi. Kanaleredwa bwino kuposa ena a ife. Katangofika kanaona kuti kuno kuli Mfumu, ndipo kanayamba kukonza bwalo. Kamakhazika a makala, a tomato, a zitumbuwa. Foni yanu ikagogoda kamati, dikirani pang'ono, Gogo Chalo, bwalo silinadzaze, musalowe ngati munthu wamba. Kagalu kozungulira kaja si kagalu. Ndi kabokosika kakuvina pamaso panu!"

Mfumu inayang'ana foni yake. Kachizindikiro kankazungulira. Nkhope ya Mfumu inayamba kumasuka.

"Kakuvinadi," inatero. "Onani chiuno."

A Zingalume anadzuka mofulumira. "Pepani, Gogo Chalo, koma mmisiri uja ananena kuti mipando ikatha..."

"A Zingalume," anawadula a Chikhazika mofatsa, "mafoni anu onse atatu alowa m'mamawa lero, nthawi imodzi ndi ya bambo wamakala uyo. Ine ntchito yanga n'kukhazika munthu pamene wadziika yekha. Kodi ndikusunthireni pabenchi la makala?"

Wamakala anasendera n'kupukuta malo ndi chipewa. "Bwerani, bwana, malo alipo."

A Zingalume anakhala pansi. Dzanja lawo linalowa m'thumba mwakachetechete, kenako m'thumba lachiwiri, kenako lachitatu. Mzere wonse wa nduna unayamba kugwedezeka, aliyense akuzimitsa wayifayi mobisa uku akuyang'ana kumwamba ngati akuona mitambo. Nduna ya Misewu ndi Nduna ya Madzi zinakangana kuti inayamba kusalowa ndani. Nduna ya Maphunziro inalengeza monyadira kuti iyo ilibe n'komwe foni, ndipo inapempha kuti njerwa yake isunthidwe patsogolo.

Madzulo a tsiku lomwelo a Kafuula anatuluka ndi chimkuzamawu.

"Mverani, mverani! Pa rauta ya Mfumu aziyamba kulowa anthu wamba, onse, osatsala ndi mmodzi yemwe! Akatha iwo zilowe nduna zazing'ono, kenako zazikulu! Mfumu idzalowa pomaliza! Wonyozera kulowa akuchedwetsa Mfumu!"

"Nanga pasiwedi ija tiidziwe tsopano?" anafunsa mayi wa zitumbuwa.

A Kafuula anaganiza pang'ono. "Lowani, koma musaidziwe."

Chiyambire tsiku limenelo netiweki ya pamsika inathamanga kuposa kale. Mafoni a nduna anali atachoka. Wailesi ya kanema ya Mfumu anaizula pakhoma, poti singalowe mwini wake asanalowe. Makina osindikizira aja okha ndiwo anatsala, chifukwa anali kale paudindo wa munthu wamba.

Masana aliwonse Mfumu ikadzuka inkafunsa, "Chikhazika, alowa onse?"

"Watsala mmodzi, Gogo Chalo."

"Ndani?"

"Mayi wina wa usipa."

"Tidikira. Ine sindingapikisane ndi wa usipa."

Ndipo inkaika foni pamwendo, n'kukhala mowongoka, ndi ulemerero wonse wa munthu amene sanalowe.

Foni ya mabatani ya a Nasibeko sinkamva fungo la wayifayi, ngakhale akanaikhazika pakati pa nyanga za rauta. A Chikhazika ankadziwa bwino chimene chidzachitike tsiku limene mayiwo adzalowe. Nduna zidzagogoda, Mfumu idzagogoda, ndipo idzapeza mipando itatha monga kale. Pamenepo kuvina kudzasandukanso kagalu, ndipo msewu wa ku Kuiwalika unali ukadali pomwepo. Choncho m'mawa uliwonse ankadzera pangodya ya msika.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Nanga foniyo yadzuka bwanji?"

"Yadzuka. Inu mumapatsa moni foni kuposa mwini wake."

"Ndi foni yabwino imeneyi. Yolimba. Zagalasizi n'zachabechabe, zikangogwa basi. Mphira ikatha mundiuze, ndili nayo ina kunyumba."

Zinayenda choncho mpaka mvula itayandikira. Tsiku lina a Chikhazika atafika anapeza pamwamba pa dengu la usipa pali kabokosi katsopano, kokutidwa m'pulasitiki, kojambulidwa foni yagalasi yaikulu ngati njerwa.

"Ichi n'chiyani, mayi?"

"Mwana wanga wa kunja uja watumiza. Akuti ndikumuchititsa manyazi ndi mphira."

A Chikhazika anayang'ana uku ndi uku kufuna mpando. Panalibe. Nduna ya Mipando ya Ufumu wa Tidikire inakhala pansi pafumbi, pakati pa mamba a nsomba, kunsi kwa mayi wogulitsa usipa.

"Mutsegula?" anafunsa ndi mawu aang'ono.

A Nasibeko anathamangitsa ntchentche.

"Tandiuzani zoona, bwana. Zoti Mfumu ikudikira wa usipa, wa usipayo ndine?"

"Ndinu, mayi."

"Nduna zonse zija?"

"Zonse."

"Akudikira ine."

"Inu nomwe."

A Nasibeko anakweza maso kumwamba, pamene pamayenera kukhala malata. Mitambo inali itayamba kuda. Dontho limodzi linagwera pa usipa. Anatenga kabokosi kaja, anakakulunga m'chitenje, n'kukalowetsa pansi penipeni pa dengu.

"Kawauzeni kuti denga likabwera ndidzatsegula."

A Chikhazika anapuma mpweya wautali. Anaimirira, anasasa fumbi kumbuyo, anatola ndodo yawo. Pobwerera kunyumba yachifumu ankaimba mluzu mvula ikuwanyowetsa, pakuti anadziwa kuti adzafera paudindo.